Antiphagocytic: mawu onena za kachilombo kokana kumezedwa

Amene amawerenga nkhani za katemera wa chibayo, za matenda oumitsa khosi, kapena za mankhwala atsopano a khansa, amakumana ndi mawu akuti antiphagocytic. Ambiri amangowalumpha. Ena amayesa kuti akunena za kachilombo kosamva mankhwala, ena amati ndi kachilombo kopha asilikali a m'thupi. Onsewa aphonya pang'ono. Mawuwa amaloza chinthu chimodzi: chilichonse cholepheretsa selo la chitetezo kugwira ndi kumeza chimene lapeza. Kachilombo kotere nthawi zambiri sikalimba kuposa anzake. Kangokhala kopanda pogwira.

Zidutswa za mawuwa

Ndi mawu omangidwa ndi zidutswa za Chigiriki. Anti ndiye kuti kutsutsa kapena kutchinga. Phagein ndiye kudya. Kytos poyamba chinali chiwiya cha mphako, chosungiramo zinthu, koma asayansi anachibwereka kuti chizitanthauza selo. Phagocyte ndiye selo lakudya, ndipo antiphagocytic ndi mawu ofotokoza chinthu chimene chikulimbana ndi kudyako. Tizindikire kuti si dzina la matenda kapena la kachilombo. Ndi mawu ofotokozera, ngati mmene timanenera kuti "choterera". Amati chikuto cha bakiteriya uyu ndi antiphagocytic, puloteni iyi ndi antiphagocytic.

Tsinde lake, phagocyte, lili ndi mwini wake wodziwika. Élie Metchnikoff, katswiri wa zanyama wobadwa mu 1845 pafupi ndi Kharkiv, anali ku Messina pa chilumba cha Sicily kumapeto kwa 1882 akufufuza tiana ta starfish, nyama ya m'nyanja yooneka ngati nyenyezi. Tianati ndi toonekera mkati ngati galasi, moti munthu amatha kuona maselo akuyendayenda m'thupi lamoyo. Anatibaya ndi timinga, ndipo kutacha anapeza maselo oyendayenda aja ataunjikana kuzungulira mingayo. Anaganiza kuti zimene amaona pamenepo n'zofanana ndi zimene zimachitika munthu akabayidwa ndi munga, malowo n'kutupa ndi kuchita mafinya. Dzina lakuti phagocyte linatuluka mu 1883, atakambirana ndi Carl Claus, pulofesa wa zanyama ku Vienna.

Madokotala a nthawiyo ankawaona kale maselo oyera okhala ndi tizilombo mkati, koma ambiri ankati maselowo akungonyamula tizilomboto n'kumatifalitsa. Metchnikoff anatembenuza nkhaniyo: maselowo akudya mdani. Anatsutsidwa kwambiri ndi asayansi, makamaka a ku Germany, amene ankanena kuti chitetezo chili m'madzi a magazi, osati m'maselo. Mkanganowo unatenga zaka zoposa makumi awiri. Mu 1908 mphotho ya Nobel inagawidwa pakati pa Metchnikoff ndi Paul Ehrlich, mtsogoleri wa mbali inayo. Monga tione pansipa, mbali ziwirizi zinkagwira mapeto awiri a chingwe chimodzi.

Kumeza kumayenda bwanji

Maselo akudya amene amatchulidwa kwambiri ndi awiri. Ma neutrophil ndiwo ochuluka, pakati pa 50 ndi 70 pa maselo oyera 100 alionse a m'magazi a munthu wamkulu. Mafupa amapanga pafupifupi 100 biliyoni patsiku, chifukwa sakhalitsa. Mafinya ambiri ndi mitembo yawo. Ma macrophage ndi aakulupo, amakhala miyezi kapena zaka atakhazikika m'mapapo, m'chiwindi, m'kapamba (spleen) ndi m'ziwalo zina. Neutrophil ndi yaikulu mamaikulomita 12 mpaka 15, pamene bakiteriya wa chibayo ndi pafupifupi maikulomita imodzi. Maikulomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Kukula si vuto: selo likhoza kumeza tizilombo tambirimbiri.

Poyamba selo limanunkhiza. Limatsata mankhwala otuluka pamalo ovulala, monga kachidutswa ka puloteni kotchedwa C5a, mpaka kufika pamene pali kachilombo. Kenako limagwira: tizigwiriro ta pakhungu la selo timakola chinthu china chimene chili pakhungu la kachilombo. Likagwira, mkati mwa selo timitengo ta puloteni yotchedwa actin timamangika msangamsanga n'kukankhira khungu la selo kunja, ngati manja awiri ozungulira kachilomboko, mpaka manjawo akumane kuseri. Kachilombo katsekeredwa m'kathumba kotchedwa phagosome. M'kathumbamo selo limathira ma enzyme ogaya, ndipo mu macrophage asidi amakwera mpaka pH, muyeso umene umatsika asidi akachuluka, kufika cha m'ma 5. Enzyme ina yotchedwa NADPH oxidase imapanga mankhwala oopsa ochokera ku okosijeni, ndipo mu neutrophil ena amasanduka hypochlorous acid, mankhwala omwe aja ali mu bulichi.

Pali mfundo imodzi yofunika kuigwira bwino. Manja aja sangozungulira okha chifukwa selo lakhudza kachilombo pamalo amodzi. Kafukufuku wa Frank Griffin ndi Samuel Silverstein m'zaka za m'ma 1970 anaonetsa kuti khungu la selo limayenda ngati zipi: dzino lililonse liyenera kukola linzake. Kachilombo kakakhala ndi pogwira mbali imodzi yokha, selo limamatirira mbali imeneyo koma silimeza. Choncho kachilombo sikafunika kubisa thupi lonse kuti kapulumuke. Kangochepetsa mano a zipiyo.

Mawu akuti antiphagocytic amagwira ntchito pa masitepe awiri apakati aja, kugwira ndi kuzungulira.

Opsonin, chogwirira chimene thupi limamata

Selo lakudya limatha kuzindikira tizilombo tina mwachindunji, koma limagwira bwino kwambiri thupi likayamba lamata chizindikiro pa kachilomboko. Almroth Wright ndi Stewart Douglas, ku London mu 1903, anaona kuti maselo oyera otsukidwa bwino amameza mabakiteriya ochepa, koma akawathirira madzi a magazi amameza ambiri. Chinthu cha m'madzimo anachitcha opsonin, kuchokera ku mawu a Chigiriki onena za kukonza chakudya, amene tsinde lake opson ndi ndiwo. Apa ndiye pamene mbali ziwiri zija zinakumana: madzi a magazi amakonza, selo limadya.

Ma opsonin akuluakulu ndi awiri. Woyamba ndi C3b, kachidutswa ka gulu la mapuloteni a m'magazi lotchedwa complement. Amamatirira pa chinthu chachilendo m'mphindi zochepa, ngakhale thupi lisanakumanepo nacho. Wachiwiri ndi antibody, makamaka ya mtundu wa IgG. Imaoneka ngati chilembo Y: mikono iwiri imagwira kachilombo, mchira wotchedwa Fc umatsala panja kuti selo ligwirepo. Antibody imagwira mwamphamvu ndiponso mosaphonya, koma kachilombo kakakhala katsopano thupi limatenga sabata kapena kuposa kuti liipange.

Yerekezani chikho chonyowa chopanda chogwirira. Opsonin ndi chogwirira chomatidwa pachikhopo. Njira zambiri za antiphagocytic n'zongolimbana ndi chogwiriracho: kuchiletsa kumata, kuchikwirira, kapena kuchimata chozondoka.

Chikuto cha shuga

Chitsanzo chimene chinadziwitsa mawuwa ndi capsule, chikuto cha bakiteriya. Si kapisozi wa mankhwala, ngakhale m'Chingerezi dzina ndi limodzi. Ndi nsanjika yonanda, yodzaza madzi, yopangidwa ndi timaunyolo tataliatali ta shuga, yokuta bakiteriya yense. Streptococcus pneumoniae, wotchedwanso pneumococcus, amene amayambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi, ali ndi mitundu ya chikuto yoposa 90, uliwonse ndi kalumikizidwe kakekake ka shuga.

Chikuto chimagwira ntchito m'njira zingapo nthawi imodzi. Chimaphimba khoma la bakiteriya, limene selo likanalizindikira. C3b akadutsa n'kukamatirira pakhomapo, amakwiririka pansi pa shuga, chigwiriro cha selo osamufikira. Mitundu yambiri ya chikuto ili ndi mphamvu ya magetsi yofanana ndi ya khungu la selo, choncho ziwirizi zimakankhana m'malo mokokana. Zili ngati kutola sopo wonyowa ndi dzanja lonyowa.

Mbiri yake ndi yosangalatsa kuposa mmene munthu angayembekezere. Mu 1923 Michael Heidelberger ndi Oswald Avery, ku Rockefeller Institute mu New York, anaonetsa kuti chimene chimasiyanitsa mitundu ya bakiteriyayu ndi shuga, osati puloteni, zomwe zinadabwitsa anthu. Mu 1928 Frederick Griffith ku London anafalitsa zimene anapeza pa mbewa. Bakiteriya wa chikuto, amene pambale yomeretsera amaoneka wosalala ndi wonyezimira, ankapha mbewa. Wopanda chikuto, wooneka wokakala, sankapha, chifukwa maselo ankamumeza msanga. Koma atasakaniza wokakala wamoyo ndi wosalala wophedwa ndi kutentha, mbewa zinafa, ndipo m'magazi mwake munapezeka wosalala wamoyo. Wokakala anali atatola kwa wakufayo malangizo opangira chikuto. Mu 1944 Avery, Colin MacLeod ndi Maclyn McCarty anaonetsa kuti malangizowo anali DNA. Ndiye kuti umboni woyamba wakuti DNA ndiyo imanyamula chibadwa unachokera pa funso lakuti, n'chifukwa chiyani kachilombo aka sikamezeka.

Umboni wina woti chikuto ndicho chida unabwera cha m'ma 1930. René Dubos ndi Avery anapeza enzyme ya bakiteriya wa m'dothi imene imasungunula chikuto cha mtundu 3 popanda kupha kachilomboko. Mbewa zobayidwa enzyme imeneyi zinkapulumuka: kachilombo kakavulidwa, maselo a mbewa ankamaliza okha ntchito.

Madokotala akale, mankhwala opha mabakiteriya asanabwere, ankadziwa kuti wodwala chibayo chachikulu amafika pa tsiku lodulira mlandu patapita pafupifupi sabata. Kutentha thupi kumatsika mwadzidzidzi n'kuyamba kuchira, kapena amafa lisanafike tsikulo. Tsikulo ndi pamene ma antibody olimbana ndi chikuto achuluka mokwanira. Chikuto chomwe chinali chotchinga chimasanduka pogwirira.

Si chikuto chilichonse chili cha shuga wamba. Cha Bacillus anthracis, woyambitsa anthrax, n'chopangidwa ndi amino acid yotchedwa D-glutamic acid, yopindikira mbali imene ma enzyme athu sadziwa kudula. Katemera wa ziweto amene Max Sterne anakonza ku Onderstepoort, South Africa, m'zaka za m'ma 1930 ndi bakiteriya wamoyo yemweyo amene anataya mphamvu yopanga chikuto. Mitundu ina imavala zovala za mwini nyumba: chikuto cha Streptococcus pyogenes ndi hyaluronic acid, yomwe ili kale m'khungu ndi m'mfundo zathu, ndipo cha Neisseria meningitidis (meningococcus) wa gulu B, woyambitsa matenda oumitsa khosi, chimafanana ndi shuga wopezeka pa maselo a ubongo, makamaka a mwana wosabadwa. Thupi silipanga msanga ma antibody olimbana ndi chinthu chooneka ngati chake. Ndipo fangasi ya Cryptococcus neoformans, yoyambitsa matenda oumitsa khosi mwa anthu amene chitetezo chawo chatsika kwambiri ndi HIV, ili ndi chikuto chimene chimakula ikalowa m'thupi. Mu labotale akadonthezera inki yakuda pa madzi a mumsana, inkiyo silowa m'chikuto, ndipo selo lililonse la fangasi limaoneka litazunguliridwa ndi mkombero woyera. M'mapapo ena mwa maselo ake amafufuma mpaka mamaikulomita 50 kapena 100, kuposa selo lofuna kuwameza.

Kuterera kumeneku kuli ndi malire. W. Barry Wood anaonetsa m'zaka za m'ma 1940 kuti selo likhoza kumeza bakiteriya wa chikuto popanda antibody likamupanikizira pamalo okakala, monga khoma la kathumba ka mpweya m'mapapo. Sopo uja amagwirika mukamupanikiza pakona. Koma m'madzi, monga m'magazi kapena m'madzi ozungulira ubongo, mulibe kona. N'chimodzi mwa zifukwa zimene tizilombo ta chikuto timakhalira toopsa kwambiri m'malo amenewa.

Mapuloteni achinyengo

Tizilombo tina timagwiritsa ntchito mapuloteni, ndipo apa pali ukathyali weniweni.

Streptococcus pyogenes, wa zilonda za pakhosi, ali ndi tiubweya totchedwa M protein, timene Rebecca Lancefield anafotokoza mu 1928. Maselo athu amadziteteza ku complement pogwiritsa ntchito mapuloteni oletsa, monga factor H ndi C4BP. M protein imakoka oletsa amenewa m'magazi n'kuwamata pa bakiteriya, ndipo C3b akangotera amathyoledwa. Imakokanso fibrinogen kuti idziphimbe nayo. Lancefield ankayesa zimenezi mophweka: kuthira mabakiteriya ochepa m'magazi atsopano a munthu, kuwazunguza kwa maola 3 pa kutentha kwa thupi, n'kuwerenga. Okhala ndi M protein ankachulukana, opanda ankatha. Mitundu ya puloteniyi ndi yoposa 200, n'chifukwa chake munthu amadwala pakhosi kambirimbiri.

Staphylococcus aureus, wa zithupsa, ali ndi protein A, imene imagwira antibody kumchira. Antibody imamatirira chozondoka, mikono ikuloza kunja, mchira umene selo likanagwira utatsekeka. Chodabwitsa n'chakuti makampani opanga mankhwala a ma antibody masiku ano amagwiritsa ntchito protein A yomweyi posefa mankhwala awo, poti imagwira mchirawo bwino kwambiri.

Yersinia pestis, wa mliri wofalitsidwa ndi nthata za makoswe, amene Alexandre Yersin anamupeza ku Hong Kong mu 1894, amapitirira apo. Akakhudzana ndi selo amalibaya ndi kajakisoni kake kotchedwa type III secretion system n'kulowetsa mapuloteni otchedwa Yop. YopH imazimitsa uthenga wochokera pa chigwiriro, YopE imagwetsa timitengo ta actin. Selo lagwira ndithu, koma manja alema. Zida zimenezi, pamodzi ndi chikuto chake cha puloteni chotchedwa F1, zimapangidwa pa kutentha kwa 37°C. M'mimba mwa nthata, mmene muli mozizirirapo, sizipangidwa, moti tizilombo toyamba kulowa m'thupi timamezeka. Tina timapulumuka mkati mwa ma macrophage, n'kutuluka titavala kale.

Zimene mawuwa sakunena

Kusamva mankhwala ndi nkhani ina. Bakiteriya wa chikuto chokhuthala akhoza kufa ndi penicillin mosavuta, ndipo wosamva mankhwala ambiri akhoza kumezedwa mosavuta. Zikakumana mwa kachilombo kamodzi, monga zikuonekera mu mitundu ina ya Klebsiella pneumoniae, ndiye mavuto awiri.

Kupulumuka mkati mwa selo ndi nkhaninso ina. Kachilombo ka chifuwa chachikulu sikakana kumezedwa. Kamalowa mu macrophage n'kuletsa kathumba kaja kulumikizana ndi matumba a ma enzyme. Bakiteriya wina, Listeria, amaboola kathumbako n'kuthawira mkati mwa selo. Kupha selo ndi poizoni, monga leukocidin ya Staphylococcus, olemba ena amakuwerengera m'gulu la antiphagocytic pamene ena amakupatula. Pamenepa mabuku sagwirizana, ndipo wowerenga ayenera kuona mmene wolemba aliyense watambasulira mawuwo. Dzina lokuta zonsezi ndi immune evasion, kuzemba chitetezo cha m'thupi. Antiphagocytic ndi nthambi imodzi chabe.

Amayeza bwanji

Kunena kuti chinthu ndi antiphagocytic kumafuna kuyerekeza: kachilombo kokhala nacho ndi kachilombo komweko kochotsedwa jini yake, kenako kobwezeredwa jiniyo. Chachitatucho chikasowa, umboni ndi wopunduka.

Pa katemera wa chibayo pali muyeso wokhazikika wotchedwa opsonophagocytic assay. Madzi a magazi a munthu wobayidwa katemera amatenthetsedwa pa 56°C kwa mphindi 30 kuti complement yake ife, ma antibody n'kutsala. Amawasungunula motsatizana m'timaenje ta mbale, n'kuthiramo mabakiteriya owerengeka. Kenako amawonjezera complement ya ana a kalulu ndi maselo a HL-60, amene anachokera kwa wodwala khansa ya m'magazi m'zaka za m'ma 1970 ndipo amasandutsidwa ofanana ndi ma neutrophil powasunga m'mankhwala kwa masiku pafupifupi 5. Maselo amakhala mazana angapo pa bakiteriya mmodzi. Pakatha mphindi pafupifupi 45 pa 37°C, amameretsa zotsalazo n'kuwerenga. Yankho ndi kusungunula kotsiriza kumene kwapha theka la mabakiteriya. Mwa makanda, 1:8 ndi mlingo umene wakhala ukugwiritsidwa ntchito kwambiri.

Zolakwika zimabwera pambiri. Munthu akakhala kuti amamwa mankhwala opha mabakiteriya, otsalira m'magazi amapha tizilomboto, n'kuoneka ngati ma antibody agwira ntchito. Complement ya kalulu ina imapha yokha, choncho botolo lililonse liyenera kuyesedwa kaye. Bakiteriya womeretsedwa mobwerezabwereza pambale amatha kupyapyalitsa chikuto chake, chifukwa kupanga shuga wonseyo kumadya mphamvu ndipo pambale palibe womudya. Ndipo poyang'ana pa maikulosikopu, kachilombo kongomatirira kunja kwa selo kamaoneka ngati kali mkati. Pofuna kusiyanitsa, amathira utoto wozimitsa kuwala kwa tizilombo takunja, kapena mankhwala a gentamicin amene salowa msanga m'selo.

Kapamba ndi katemera

Kapamba ndi sefa ya magazi. Magazi amayenda pang'onopang'ono pakati pa ma macrophage ake, ndipo ndi malo aakulu amene amakola bwino tizilombo tokhala ndi opsonin wochepa. Munthu wochotsedwa kapamba, kapena mwana wa matenda a sickle cell amene kapamba wake amawonongeka ali wamng'ono, akhoza kudwala mwakayakaya m'maola ochepa ndi bakiteriya wa chikuto. Kafukufuku wofalitsidwa ku United States mu 1986 anapeza kuti kupatsa ana a sickle cell penicillin tsiku ndi tsiku kunachepetsa matenda oopsa a pneumococcus ndi 84 peresenti.

Katemera wa tizilomboti cholinga chake n'chimodzi: ma antibody olimbana ndi chikuto akhalepo kale, thupi lisadikire sabata ija. Katemera wa shuga yekha, monga wa mitundu 23 amene anavomerezedwa mu 1983, amathandiza akuluakulu koma sagwira bwino mwa ana osakwana zaka 2, ndipo thupi silimukumbukira nthawi yaitali. Chifukwa chake n'chakuti maselo a T, amene amathandiza kupanga ma antibody amphamvu ndi okhalitsa, amazindikira zidutswa za puloteni, osati shuga. Njira yothetsera vutoli ndi kulumikiza shugayo ku puloteni, monga poizoni wofooketsedwa wa kafumbata kapena wa diphtheria. Avery ndi Walther Goebel anaonetsa mfundoyi mu 1929, koma katemera woyamba wotere, wa Haemophilus influenzae mtundu b, anavomerezedwa mu 1987. Wa chibayo wa mitundu 7 anabwera mu 2000, wa mitundu 13 mu 2010. Pa meningococcus wa gulu B njirayi sinatheke chifukwa cha kufanana kuja ndi shuga wa muubongo. Akatswiri anatembenukira ku mapuloteni a pakhungu pake, ndipo imodzi mwa iyo ndi puloteni imene bakiteriyayu amabera nayo factor H.

Maselo athu nawonso amakana kudyedwa

M'nkhani za khansa mawuwa amabwera ndi tanthauzo lomwelo, koma mdani ndi wina. Macrophage imadyanso maselo athu okalamba ndi akufa, choncho amoyo amafunika chiphaso. Chiphaso chodziwika ndi puloteni ya CD47. Ikakhudza chigwiriro chotchedwa SIRP-alpha pa macrophage, uthenga umalowa woletsa manja aja kuzungulira. Mu 2000 Per-Arne Oldenborg ndi anzake anaonetsa kuti maselo ofiira opanda CD47 akalowetsedwa mu mbewa yabwinobwino amachotsedwa msanga ndi kapamba. Mu 2009 gulu la Irving Weissman ku Stanford linapeza kuti maselo a khansa ya m'magazi amachulukitsa CD47.

Maganizo anali oonekeratu: tsekani CD47 ndi antibody, ma macrophage adye khansa. Vuto linalinso loonekeratu. Maselo ofiira, amene amakhala masiku pafupifupi 120, amadalira chiphaso chomwecho, makamaka akamakalamba, choncho mankhwalawo amachepetsa magazi. Pa magrolimab, antibody yotseka CD47, ankayamba ndi mlingo wochepa kuti maselo okalamba achoke pang'onopang'ono, kenako n'kukweza. Zotsatira zoyambirira zinapatsa chiyembekezo, koma mu 2023 ndi 2024 mayeso akuluakulu pa khansa za m'magazi anaimitsidwa chifukwa mankhwalawo sanaonetse phindu, ndipo m'mayeso ena imfa zinachuluka mwa olandira.

Mafunso amene adakali poyera

Pa katemera wa chibayo, mitundu yotchingidwa ikachepa m'mphuno za ana, ina imatenga malo. Zinaoneka ndi mtundu 19A katemera wa mitundu 7 atafala. Tsopano kuli akatemera a mitundu 20 ndi 21. Akatswiri ena amati tipitirize kuwonjezera, ena amati mitundu ikachuluka m'jakisoni imodzi ma antibody a mtundu uliwonse amatsikako, choncho ndi bwino kufunafuna puloteni yopezeka mwa yonse. Puloteni zotero zambiri zili pansi pa chikuto, kumene antibody imavutika kufika. Mtundu 3 ndi mutu pawokha: uli mu katemera wa mitundu 13 koma ukupitirira kudwalitsa, ndipo ena amaganiza kuti ndi chifukwa chikuto chake n'chokhuthala ndiponso chimasuluka, antibody n'kutsala itagwira shuga woyandama.

Pa Staphylococcus aureus, akatemera angapo, kuphatikizapo olimbana ndi chikuto chake, anapangitsa anthu kupanga ma antibody ambiri koma sanateteze pa mayeso akuluakulu. Kodi ndi protein A yozondotsa ija, kapena kuchuluka kwa zida zake zina, kapena mbewa zimene amayesera poyamba sizifanana ndi munthu pa matendawa? Pa Streptococcus pyogenes, zigawo zina za M protein zimafanana ndi mapuloteni a mtima, ndipo mantha oti katemera angayambitse rheumatic fever, matenda owononga mtima, anaimitsa mayeso pa anthu ku United States kwa zaka zoposa 25 kuchokera mu 1979. Mayeso anayambiranso ndi zidutswa zosankhidwa mosamala, koma katemera wovomerezeka palibe.

Pa CD47, sizinamveke ngati cholakwika chinali mankhwala amodziwo, matenda amene anasankhidwa, kapena maganizo enieniwo. Maselo a khansa ali ndi ziphaso zinanso, monga CD24, ndipo kuchotsa choletsa sikukwanira ngati palibe chizindikiro china choitana macrophage kuti idye.

Funso lina limakhudza dzina lenilenilo. Cryptococcus amakhala m'dothi ndi m'zitosi za mbalame, safuna munthu kuti achulukane, ndipo safalikira kuchoka kwa munthu kupita kwa wina. Nanga chikuto chokana macrophage anachitengera kuti? Gulu la Arturo Casadevall linaonetsa mu 2001 kuti fangasiyi imachita ndi amoeba wa m'dothi, kachamoyo ka selo limodzi, mofanana ndi mmene imachitira ndi macrophage, ndipo amoeba amadya mwa njira yomweyi yozungulira ndi kumeza. Ena amawonjezera kuti chikuto chimatetezanso kachilombo kuti kasaume, ndipo mwa pneumococcus chimathandiza kuti asakodwe m'mamina. Ngati zili choncho, mawu akuti antiphagocytic akunena zimene chikuto chimachita chikakumana ndi maselo athu, koma ntchito imene chinayambira ikhoza kukhala ina, ndipo pa kachilombo kalikonse ofufuza akuyesabe kulekanitsa ziwirizi.